Diso la Malemu Kamanga

Laston Kamanga ankadziwa kujambula chilichonse chopanda nkhope. Mabwato, mitengo ya mango, amayi osenza chinangwa atafulatira, zonsezi ankazipenta bwino moti alendo a m'maloji a ku Kande ankaima pamsewu n'kugula. Koma mukanati akujambuleni inuyo, mukanalandira m'bale wanu wakutali amene wangodzuka kumene pa malungo. Hilda ankalidziwa vutoli, ndipo ankamukonda nalo lomwelo.

Hilda anali mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina yoyendera pafupi ndi Chintheche, ndipo kwawo kunali ku Dedza. Chibwenzi chawo chinali chitatha chaka ndi miyezi inayi, koma kwa abale a mnyamatayo iye anali adakali "a Madamu aja". Akafunsa kuti akaonekera liti kwa makolo, yankho linali limodzi: nthawi sinakwane. Mkazi wa zaka makumi atatu amatopa nayo nthawi yosakwana.

Tsiku lina masana Laston anafika kunyumba kwa Hilda nkhope ili ngwee.

"Loweruka la mawa lija tikuvundukula chiliza cha ada," anatero, kunena bambo ake amene anamwalira chaka chapitacho. "Abale onse abwera, a ku Joni omwe. Tsiku limenelo ndikugwira dzanja pamaso pa ama ndi asibweni."

"Wanena kangati zimenezi?"

"Ulendo uno ndi zenizeni. Koma pali kanthu kamodzi."

"Ndinadziwa. Mawu ako okoma sayenda opanda mchira."

Laston anatulutsa pasipoti yakale m'thumba. Munali kachithunzi kochepa kuposa bokosi la machesi: bambo wa suti ndi tayi, diso lakumanzere lili lotsekeka, pakuti chitsulo chinawathethekera ali pantchito ku Joni. A Fanuel, malume ake amene iye ankawatchula kuti asibweni, anali atalengeza kale kwa mtundu wonse kuti mphwawo wodziwa kujambula apenta chithunzi chachikulu cha malemu. Ndipo Laston, m'malo monena kuti nkhope zimamukanika, anavomera ndi manja awiri.

"Ndikalephera andiseka mpaka ndidzafe," anatero. "Ndikakhoza, tsiku limenelo palibe angandikanize kanthu. Ngakhale iweyo."

Mawu akuti "ngakhale iweyo" anamulasa Hilda, koma anawameza. Anatenga pasipoti ija n'kuiyang'anitsitsa.

"Ndipatse masiku atatu," anatero.

* * *

Hilda anali ndi kapulinta kakekake kokhala patebulo, kamene anagula ku Mzuzu kuti azisindikizira mayeso. Kanali ka inki yakuda yokha, ndipo kankayamba kakhosomola kasanatulutse pepala. Anayeza ndi kulemba mizere pa laputopu, kenako anasindikiza mapepala anayi oonetsa podula ndi popinda. Anawamata pa katoni ya sopo n'kudula ndi lezala motsata mizereyo. Panatuluka timiyendo tiwiri tokhala ndi mpata pakati, ndi kachidutswa kokhala ndi kabowo kosuzumirapo. Mumpatamo anaimikamo galasi limene anazula pa zenera la kubafa.

Koyamba galasi linapendekeka, chifukwa kapulinta kaja kanachepetsa mizere mwakufuna kwake. Kachiwiri lezala inamucheka chala. Kachitatu galasi linaima chilili, ndipo anamuitana Laston.

"Chithunzi chizikhala mbali iyi ya galasi, pepala loyera mbali inayo," anafotokoza. "Tsinzina diso limodzi, usuzumire pakabowopa."

Laston anawerama. Nkhope ya bambo ake inali itagona pa pepala lopanda kanthu, yofooka ngati ndalama ili pansi pa madzi, ndipo dzanja lake lomwe, ndi pensulo yomwe, zinkaoneka mkati mwa nkhopeyo.

"Ada," ananong'ona.

"Si ada ako, ndi kuwala chabe. Galasi likubweza chithunzi, iwe uzingotsata ndi pensulo."

"Hilda, mutu wakowu unapangidwa ndi chiyani?" Anagwira chala chochekeka chija n'kuchipsompsona. Hilda anaseka, ndipo kwa kanthawi anaiwala miyezi yonse yodikira.

"Tsopano mvetsera," anatero atabweza dzanja. "Galasi limatembenuza. Chakumanzere limachiika kumanja. N'chifukwa chake chithunzi cha bambo ndachikulitsa n'kuchisindikiza chotembenuza kale, kuti galasi likachitembenuzanso chibwerere m'malo mwake. Usagwiritse ntchito pepala lina, koma ili lokha. Wamva?"

"Ndamva."

Sanamve. Diso linali litabwerera kale pakabowo, ndipo makutu anapita nalo limodzi.

* * *

Laston ananyamula chipangizo chija kupita nacho ku Kande, m'kachisakasa kamene ankapenteramo. Kuyambira pamenepo chikondi chinasamukira pafoni.

"Zikuyenda?" analemba Hilda Lachiwiri.

"Bho. Mphuno yatheka. Ndiwe dolo."

"Ndibwere ndidzaone?" analembanso Lachitatu.

"Ayi. Udzaonera limodzi ndi anthu."

Lachinayi uthenga wake unawerengedwa koma sunayankhidwe. Lachisanu atangoweruka anakwera minibasi.

M'chisakasa muja anapezamo Selina Manda atakhala pa chitini cha penti, mwendo pa unzake, akudya nzimbe. Selina ankagwira ntchito yolandira alendo pa loji ina ya kunyanja. Anakulira mudzi umodzi ndi Laston, ankaimba kwaya imodzi ndi amayi ake, ndipo ankayenda ngati munthu wodziwa kuti dothi limene akupondalo ndi la agogo ake.

"Mwe uli, Madamu?" anapereka moni m'Chitonga.

"Nde umampha," anayankha Hilda. Chitonga ankachimva anthu akamayankhula modekha, koma Selina anathamangitsa mawu ambirimbiri dala, Laston n'kuseka.

"Akuti chiyani?"

"Palibe, nthabwala chabe," anatero Laston.

"Ndimati aphunzitsi muli ndi nzeru," Selina anamasulira yekha, akulavula zotsalira za nzimbe m'dzanja. "Ife a Fomu Thuu timangothandizako pamene nzeruzo zaphonya."

Hilda sanadziwe kumene mawuwo ankaloza, koma anadziwa kuti ali ndi minga. Anayang'ana pakona pamene panaima chithunzi chachikulu chija. Chinali chophimbidwa ndi chitenje chofiira, ndipo Laston analibe chitenje. Nsanje inamugwira. Anadziletsa, nati mumtima, mawa lokha lidutse, akandigwira dzanja pamaso pa anthu zonsezi zitha.

* * *

Loweruka anthu anadzaza pakhomo pa a Kamanga, kufupi ndi Bandawe. Dzuwa la Okutobala linkaswa mtengo, koma amuna a kumeneko suti savula ngakhale thukuta lifike m'nsapato. Hilda anafika m'mamawa, chitenje chatsopano m'chiuno, ndipo anatsuka mbale ndi kutunga madzi ndi amayi ena popanda womutuma. Ena ankamuyang'ana cham'mbali, ena ankamumwetulira. Iye ankawerenga kumwetulira kokhako.

Atachoka kumanda, onse anakhala pansi pa mtengo wa mango. A Fanuel, amene analinso mkulu wa mpingo, anaimirira pafupi ndi chithunzi chophimbidwa chija.

"Mlamu wanga anasiya mwana waluso," anatero. "Chimene muone apa wachijambula ndi dzanja lake, kuchokera m'mutu mwake, popanda womuthandiza."

Laston anaweramitsa mutu modzichepetsa. Sanakonze mawuwo. Hilda anayang'ana chala chake chimene chinali chisanapole.

Chitenje chitachotsedwa, anthu anagwira pakamwa. Anali iwowo a Edwin Kamanga, chipumi chawo, tayi yawo, mpaka kukwinya kwa milomo kumene ankaopsa nako ana. Manja anawombedwa, nthungululu inamveka. Hilda anakonza chitenje chake kuti akaitanidwa aimirire bwino.

Koma a NyaMhone, amayi ake a Laston, sanawombe m'manja. Anadzuka pamphasa pang'onopang'ono, nayandikira chithunzicho mpaka mphuno yawo inatsala pang'ono kukhudza penti.

"Uyu si mwamuna wanga," anatero m'Chitonga, modekha, moti Hilda anamva liwu lililonse.

"Ama," anayamba Laston.

"Zaka zonsezi ndinkayenda kumanzere kwake, chifukwa ndiko sankaona. Kutchalitchi, kumsika, kuchipatala, ine kumanzere. Lero mwamutsekera diso lamoyo n'kumutsegulira lakufa. Ndiye ine ndiime mbali iti?"

Aliyense anayang'ananso, ndipo aliyense anaona. Diso lotsekeka linali lakumanja.

"Laston," anatero a Fanuel, mawu atalemera, "bambo ako omwe sukuwadziwa?"

Yankho loona linalipo, ndipo silinali lochititsa manyazi kwenikweni. Bambowo anakhala ku Joni ubwana wonse wa Laston, ndipo atabwerera, mwana wolemekeza ankawayang'ana kunsapato, osati m'maso. Akananena zimenezo, amayi ena akanalira naye. Koma munthu amene walandira kuwomba m'manja yekha safuna kulandiranso yekha kunyozedwa.

"Si ine, asibweni," anatero. "Ndi galasi la a Madamu."

Maso onse anatembenukira kwa Hilda. Ndi mmene Laston anamuonetsera kwa abale ake.

A Fanuel analamula kuti galasilo libwere. Laston analowa m'nyumba n'kutuluka nacho chipangizo chija, nachiika pampando. Pambali pa galasi anayalapo pepala, ndipo Hilda analiyang'anitsitsa. Silinali lake lakuda lija. Linali lonyezimira, la mitundu, lochokera m'pulinta ya anthu a ndalama.

Mkulu wa mpingo anawerama n'kusuzumira pakabowo. Anabwerera m'mbuyo msangamsanga mpaka anagunda mpando.

"Mlamu wanga ali pa pepala lopanda kanthu," anatero. Kenako anamuyang'ana Hilda n'kusinthira ku Chichewa. "Madamu, kwanu ku Dedza akufa mumawaitana ndi magalasi?"

"Ayi bambo, ndi kuwala chabe. Ngakhale ana a Fomu Wani amaphunzira zimenezi."

Mawuwo atangotuluka anadziwa kuti waponda pamoto.

"Mwamva," anatero a Fanuel kwa anthu. "Ife ndife osaphunzira."

Selina anadzuka, nagwira mkono wa a NyaMhone mwaulemu wonse, n'kuwalowetsa m'nyumba. Hilda anatola kachikwama kake. Mbale zimene anatsuka zija anadyeramo ena.

* * *

Laston anamupeza pamsewu wa tala akudikira minibasi. Anali wefuwefu, jekete ili pamkono.

"Pepala langa lili kuti?" anafunsa Hilda osamuyang'ana.

"Selina analiona. Analiyerekeza ndi pasipoti, n'kuti walakwitsa, diso waliika kolakwika. Ndinayang'ana, ndinaonadi choncho. Ndiye anakandisindikizira lina kuloji."

"Ndinakuuza chiyani tsiku lija?"

"Ndinaiwala, Hilda."

"Sunaiwale. Unamva kwa awiri, n'kusankha womukhulupirira." Anatembenuka. "Chabwino. Bwerera pompano, ukaime pamene unaima paja, ukanene zimene wandiuzazi."

Laston anayang'ana kumudzi, anayang'ananso nsapato zake.

"Anthu akadali okwiya. Ndikatchula Selina, banja lathu ndi la a Manda tidana mpaka kalekale. Manda athu ndi amodzi, tchalitchi chimodzi. Iwe ndiwe mlendo, za iwe aiwala msanga."

"Ndine mlendo."

"Sindikutanthauza choncho."

"Watanthauza bwino lomwe. Wayang'ana amene alibe m'bale kuno, n'kumusenzetsa." Misozi inafika koma anaikaniza, chifukwa sanafune kuti mwamunayu aione. "Unati undigwira dzanja, Laston. Wandiloza chala."

"Ndipatse sabata imodzi. Ndikonza."

Minibasi inaima. Hilda anakwera, ndipo analirira pa zenera mpaka ku Chintheche, kondakitala n'kuchita manyazi kumuuza kuti asunthe.

* * *

Sabatayo inatha, inanso n'kuyamba. Mauthenga a Laston ankabwera ofanana ngati anasindikizidwa tsiku limodzi: "Ndikukonza." "Usakwiye." "Wadya?" Kumsika amayi ogulitsa usipa ankasiya kuyankhula iye akamadutsa, ndipo mmodzi anabisa nkhope ya mwana wake ndi chitenje. Hilda anali wokwiya, koma choipa kwambiri n'chakuti foni ikalira ankaithamangirabe.

Lachitatu masana kunamveka "odi" pakhomo. Atatsegula anapeza a NyaMhone, thukuta lili kamukamu, dengu lili pamutu. Anawalowetsa, nagwada powapatsa moni, nawapatsa madzi.

"Yewu," anathokoza mayiwo. Anavundukula dengu. Munali chipangizo chija, kamwendo kamodzi katapindika. "A Fanuel anati ndikachiponye m'chimbudzi. Ndafika nacho pakhomo pa chimbudzi kawiri, manja akukana. Onse anasuzumira tsiku lija kupatula ine. Ndionetseni, Madamu. Koma mundionetse iyeyo, osati uja."

Hilda anayatsa laputopu, kapulinta kanakhosomola n'kutulutsa pepala lakuda lotembenuza lija. Anawongola kamwendo, naimika galasi, nawathandiza mayiwo kuwerama.

A NyaMhone anasuzumira.

"Ndi yemweyu," anatero. Anatambasula dzanja n'kusisita pepala loyera lija pamene panali tsaya. Kenako anasuntha mpando wawo pang'ono, kuti akhale kumanzere kwa mwamuna wawo.

Hilda anafotokoza za kutembenuza kwa galasi, mawu osavuta, mosamala kuti asatchulenso za Fomu Wani. Atafika pa za pepala lonyezimira, mayiwo anakweza dzanja.

"Ndikudziwa. Ndinamupanikiza Laston, anaulula zonse. Inu mulibe mlandu, mwana wanga."

Chaka ndi miyezi inayi Hilda anawadikira mawu akuti "mwana wanga" amenewo.

"Ndiye a Fanuel akudziwa?"

"Akudziwa. Akuti Selina analakwitsa pofuna kuthandiza, ndipo wolakwitsa wakwanu amaposa wokhoza wachilendo." Mayiwo anachotsa diso pakabowo, koma sanamuyang'ane Hilda. "Lamulungu lapitali akuluakulu anakhala pansi. Anati mnyamatayu akusokonezeka chifukwa chokhala wopanda banja. Anatchula Selina. Ine ndinati ayi, tiyambe tamufunsa mwini wake ngati pali wina amene anamupatsa mawu. Ndinkaganiza za inu."

"Anati chiyani?"

"A Fanuel anamufunsa katatu, monga timachitira kuno, kuti mawa asadzati tinamukakamiza. Katatu konse anati palibe."

Hilda anagwira m'mphepete mwa tebulo. Lamulungu lomwelo madzulo Laston anali atamulembera kuti "Wadya?" ndipo iye, chitsiru cha mkazi, anayankha kuti eya.

"Loweruka lino a kwa Manda akubwera kwathu kudzamva mawu a ukwati," anapitiriza a NyaMhone. "Chija chinapentedwa chija ndinachitembenuzira kukhoma. Sindingalandire alendo a ukwati wa mwana wake, mwini nyumba atayang'ana khoma. Ndikufuna china, cholondola. Dzanja ndi la Laston, koma popanda inu alakwitsanso. Ndikudziwa kuti ndikupempha chinthu chowawa."

"Mukufuna ndikonze chithunzi choti chidzalandire Selina."

"Ndikufuna mwamuna wanga," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Zinazo zandikulira."

Hilda anafuna kulinyamula galasi lija n'kuliphwanya pasimenti. Anafunadi. Koma mayi wokalambayo anali atabwezera kale diso pakabowo, akumwetulira pepala lopanda kanthu, ndipo iye analibe mtima womulanda zimenezo.

"Laston ali kuti?" anafunsa.

"Ali panja, kuseri kwa mpanda. Akuchita manyazi kulowa."

Hilda anapita pa zenera. Analidi pomwepo, nsalu yatsopano yopentapo ili m'khwapa, tizitini ta penti tili m'jumbo, mutu uli pafoni. Nthawi yomweyo foni ya Hilda inalira patebulo.

"Ndilowe?"

Anauwerenga uthengawo kawiri. Kenako analemba bwinobwino, chilembo ndi chilembo.

"Lowa. Koma Loweruka chithunzicho ndidzabwera nacho ndekha, ndipo a Fanuel adzakufunsa kachinayi ine ndili pomwepo."

Anabwerera pa zenera. Anamuona Laston akuwerenga, anaona jumbo ya penti ikutsetsereka m'dzanja lake. Sanalowe, komanso sanachoke.